Mfiti ya Kuseri kwa Mpanda

Sewero la pawailesi

A PHIRI: kwawo ndi ku Dowa. Anagwira ntchito m'zipatala za boma monga wothandiza dokotala, pano anapuma ndipo amaweta nkhuku.
NYAGONDWE: kwawo ndi ku Rumphi. Amagulitsa tomato ndi usipa mumsika wa Zigwagwa.
Malo: ku Chiputula, mumzinda wa Mzuzu, m'mawa wina wa mwezi wa Juni.

(Tambala akulira. Geti la malata likumenyedwa ndi ndodo.)

NYAGONDWE: Odi kuno! A Phiri! Tulukani, ndikudziwa muli momwemo, utsi wa mbaula ndikuuona!

A PHIRI: (Chapatali.) Ndani akundigumulira geti m'mamawa muno, chisanu chonsechi?

NYAGONDWE: Ndine amene mwalephera kumumaliza usiku.

A PHIRI: (Geti likutseguka.) Aa, aNyaGondwe. Mwadzuka bwanji, aneba?

NYAGONDWE: Funsani nyanga zanu, ndizo zikudziwa mmene ndadzukira. Onani manja awa. Onani! Zala zatupa, mphete yakana kutuluka, kumanga chitenje mpaka ndiitane mdzukulu. Mawondo ndiye osanena. Ku Zigwagwa ndinkapita wapansi dengu lili pamutu, lero ndikumalipira kabaza ngati mkazi wa bwana.

A PHIRI: Pepani ndithu. Koma ine zikundikhudza pati?

NYAGONDWE: Apa. (Akuponya kanthu pansi.) Ndakapeza pakhonde panga. Kansanza kofiira, mfundo zitatu.

A PHIRI: Dikirani ndivale magalasi. Aa! Aka n'kansanza ka nkhuku yanga yamawanga ija. Ndimazimanga kumwendo kuti zisasokonezeke ndi za anthu.

NYAGONDWE: Mwavomera kuti n'kanu.

A PHIRI: Ndavomera kuti n'ka nkhuku.

NYAGONDWE: Nkhukuyo ndi ya yani?

A PHIRI: Yanga.

NYAGONDWE: Basi, mlandu watha. Ndipo musayese kuti ndangolota. Ndinapita kwa sing'anga. Anayang'ana m'galasi, nati: wakuchita chipongwe ndi munthu wa pafupi, wamfupi, wa dazi.

A PHIRI: Theka la amuna a mu Chiputula muno ndi a dazi. Malemu amuna anu dazi lawo linkawala kuposa langali.

NYAGONDWE: Malemuwo asiyeni agone.

A PHIRI: Munalipira zingati kuti akuuzeni za dazi langa, limene mumaliona ulere tsiku ndi tsiku?

NYAGONDWE: K15,000 ndi nkhuku imodzi.

A PHIRI: Nkhuku? Inu simuweta nkhuku.

NYAGONDWE: (Akutsokomola.) Inapezeka.

A PHIRI: Yamtundu wanji?

NYAGONDWE: Sing'anga anati ikhale yoyera.

A PHIRI: Yoyera! Thadzi langa loyera limene linasowa mu Epulo, n'kumanamizira galu wa kuseriku!

NYAGONDWE: Linabwera lokha m'dimba mwanga. Ine ndinangoliperekeza.

A PHIRI: Mwatenga nkhuku yanga, mwakalipira munthu kuti anditchule mfiti! Amayi, mukudziwa kuti dziko lino lili ndi lamulo la 1911 loletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti? Ndikangokwera njinga kupita kupolisi, mugona pasimenti ndi mawondo anuwo.

NYAGONDWE: Kwerani. Ndikawaonetsa zalazi.

A PHIRI: Tabweretsani kuno dzanjalo.

NYAGONDWE: Yayi! Kuti mumalizitse?

A PHIRI: Zaka 31 ndakhala ndikugwira manja a odwala, palibe anasanduka fisi. Bweretsani. Hmm. Mbali zonse ziwiri n'chimodzimodzi. Pamfundo za zala ndi pamkono apa. Zimauma kwambiri nthawi yanji?

NYAGONDWE: M'mawa. Dzuwa likakwera zimamasukako.

A PHIRI: Thupi limatentha?

NYAGONDWE: Madzulo. Malungo andiyeza kawiri, akuti mulibe.

A PHIRI: Mukapuma mokoka mpweya, m'nthiti mumabaya?

NYAGONDWE: (Chete pang'ono.) Mwadziwa bwanji? Zimenezi sindinauzepo munthu. A Chiuta wane, mfiti yadziulula yokha!

A PHIRI: Si ufiti, ndi sukulu. Mukumwa mankhwala anji masiku ano?

NYAGONDWE: A bipi basi. Bipi imene munandipatsa inuyo.

A PHIRI: Bipi sapatsana ngati chimfine. Boma ndi a WHO atayeza anthu m'dziko muno mu 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 magazi ake amathamanga mopitirira muyezo, ndipo ambiri sankadziwa n'komwe. Onsewo ndi aneba anga?

NYAGONDWE: Aliyense ali ndi Phiri wake.

A PHIRI: Katengeni mankhwalawo.

NYAGONDWE: Ndimayenda nawo. Munthu wokhala pafupi ndi inu sasiya mankhwala m'nyumba. (Botolo la mapilitsi likukhotchora.) Awa. Si a pagolosale awa, ndi a ku Joni. Mwana wanga amatumiza ndi matransipota.

A PHIRI: Hydralazine. Mamiligalamu 50 pilitsi lililonse. Anakulemberani ndani?

NYAGONDWE: Dokotala wa konko, nditapita kukaona mdzukulu. Zaka ziwiri zapitazo. Anandipatsa mitundu itatu.

A PHIRI: Inayo ili kuti?

NYAGONDWE: Wina unkandikodzetsa. Munthu uli pabenchi, kasitomala wagwira kale tomato, iwe uli pamzere wa kuchimbudzi cholipira. Ndinausiya. Winawo unatha, sindinaitanitse. Uwu ndiye wamphamvu, ukangomwa umamva nkhope kutentha, mutu waa, mtima gu gu gu. Umadziwa kuti wamwa mankhwala.

A PHIRI: Kugunda kumene mukukutamako ndiye chifukwa chake anakupatsani atatu. Hydralazine amamasula minofu ya m'makoma a mitsempha ing'onoing'ono ya magazi. Mitsempha ikatakasuka, magazi amadutsa mosapanikizika, bipi imatsika. Koma thupi likaona bipi yatsika mwadzidzidzi limadzidzimuka: mtima umathamanga, impso zimayamba kusunga mchere ndi madzi. Ndiye dokotala amaonjezera wina wodekhetsa mtima, ndi wina wotulutsa madzi. Inu mwachotsa awiriwo, mwasiya mmodzi azivutika yekha.

NYAGONDWE: Sakuvutika. Ndimamuonjezera anzake.

A PHIRI: Mukuti chiyani?

NYAGONDWE: Papepala analemba limodzi m'mawa, limodzi madzulo. Koma dokotala wa ku Joni sakudziwani inuyo. Bipi ikakwera pakati pa tsiku, ndimamwa lina.

A PHIRI: Mumadziwa bwanji kuti yakwera?

NYAGONDWE: Nkhuku zanu zikalowa m'dimba mwanga.

A PHIRI: Pepani, sindinamve.

NYAGONDWE: Zikalowa, ndimathamangitsa, ndimatukwana, kenako ndimamwa pilitsi.

A PHIRI: Pa nkhuku iliyonse? Ndili nazo 11!

NYAGONDWE: Mukundiyesa wamisala? Pa ulendo uliwonse. Koma akatsogolera tambala ndimamwa awiri, chifukwa ameneyo amafukula ndi mizu yomwe.

A PHIRI: Zimalowa kangati patsiku?

NYAGONDWE: Mukufunsa ine? M'mawa ndisanapite kumsika, kamodzi. Masana mdzukulu amandiimbira foni kuti agogo zalowanso, ndimamwera konko. Madzulo ndikamafika ndimazipeza zikundidikira pampiru.

A PHIRI: Awiri a dokotala, atatu a nkhuku, kuonjezapo la tambala. Asanu kapena asanu ndi limodzi. Mamiligalamu 250 mpaka 300 patsiku! Kuyambira liti?

NYAGONDWE: Chigwereni mpanda uja ndi mvula ya chaka chatha. Umene munati mukonza Loweruka.

A PHIRI: Mayi, khalani pansi.

NYAGONDWE: Pampando wa mfiti sindikhala.

A PHIRI: Khalani pa ndowa ndiye. Ndikuuzeni mfiti yanu. Mankhwala awa anatuluka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, opangidwa ndi kampani ya Ciba ya ku Switzerland, dzina lake la malonda Apresoline. Nthawi imeneyo mankhwala akumwa otsitsa bipi anali osowa, madokotala anawalandira ndi manja awiri, n'kumapereka ochuluka zedi. Pofika 1953, madokotala a ku St Louis ku America, a Schroeder ndi a Perry ndi anzawo, anayamba kulemba za odwala awo: bipi yatsika bwinobwino, koma mfundo zatupa, thupi likutentha, m'chifuwa mukubaya. Matenda ofanana ndi amene amatchedwa lupus.

NYAGONDWE: Ku America kulinso a Phiri?

A PHIRI: Kulibe. Atawasiyitsa mankhwalawo, anthu aja anayamba kuchira.

NYAGONDWE: Ndiye mukuti mwana wanga akunditumizira poizoni? Mwana amene amagona anthu asanu m'chipinda chimodzi kuti mayi ake apeze mankhwala? Bwerezani, a Phiri, ndikuphwanyireni magalasiwo.

A PHIRI: Sindinati poizoni. Mwana wanu wachiwiri uja, pamimba yake yoyamba, atatupa miyendo n'kumaona nyenyezi masana, munathamangira naye ku Central ku Luwinga. Anamubaya chiyani?

NYAGONDWE: Majakisoni. Ina pamatako, ina pamtsempha.

A PHIRI: Wa pamatako uja ndi magnesium sulphate, woletsa kukomoka. Wa pamtsempha wotsitsa bipi amene tinkagwiritsa ntchito kwambiri m'mawodi a amayi oyembekezera, bipi ikafika 160 pa 110, ndi yemweyu hydralazine. Mamiligalamu 5, pang'onopang'ono, namwino ali pomwepo ndi makina. Wapulumutsa amayi ambiri m'dziko muno. Amene wabayidwa tsiku limodzi kapena awiri sadwala matenda ndikunenawa. Amafuna miyezi yambiri, mwinanso zaka, munthu akumwa tsiku ndi tsiku, makamaka akamamwa wochuluka.

NYAGONDWE: Wochuluka ndi wotani? Paja inu mchere wa m'ndiwo za maliro munati wachuluka, anthu onse akuti uli bwino.

A PHIRI: Anawerenga. Ku Sheffield, ku England, madokotala awiri, a Cameron ndi a Ramsay, anatsatira anthu 281 amene anayamba kumwa hydralazine, n'kulemba zotsatira zake mu 1984. Pakutha pa zaka zitatu, mwa amene ankamwa mamiligalamu 50 patsiku, palibe anadwala. Mwa amene ankamwa 100, anadwala 5 pa 100 alionse. A 200, anadwala 10 pa 100 alionse. Ndipo amayi ndiwo ankagwidwa kwambiri: mwa amayi a mamiligalamu 200, pafupifupi mmodzi mwa asanu.

NYAGONDWE: A 300?

A PHIRI: Ku Sheffield kunalibe woweta nkhuku pafupi ndi dimba.

NYAGONDWE: Ehe! Mwanena nokha! Wailesi ya m'nyumba mwanu ndi mboni!

A PHIRI: Ndinangoseka.

NYAGONDWE: Tiyeni tiwerenge bwinobwino, adokotala. Zala zatupa chifukwa cha mapilitsi. Mapilitsi achuluka chifukwa cha nkhuku. Nkhuku zalowa chifukwa cha mpanda. Mpanda sunakonzedwe chifukwa cha munthu wa pafupi, wamfupi, wa dazi. Sing'anga uja analakwitsa pati?

A PHIRI: (Chete.) Analakwitsa... njira yake.

NYAGONDWE: Koma anafika.

A PHIRI: Anafika mwangozi! Ndipo akanakufunsani funso limodzi lokha, loti mukumwa chiyani, bwenzi thadzi langa likuikira mazira lero.

NYAGONDWE: Chabwino. Koma pilitsi limalowa m'mimba. Ku zala likukatani? Apa ndiye ndikugwirani bodza.

A PHIRI: Mvetserani. M'magazi muli asilikali a thupi, aja mumawamva kuchipatala akamakamba za chitetezo. Ena mwa iwo ntchito yawo ndi kugwira mdani, kachilombo kaya chiyani, n'kumumatirira. Msilikali ndi wogwidwayo akamatirirana amapanga kachibulu. Tizibulu timeneti timapangika tsiku lililonse, ngakhale mwa munthu wabwinobwino, ndipo thupi lili ndi njira yotichotsera: mapuloteni ena a m'magazi amatiika chizindikiro, maselo ofiira a magazi amatinyamula kupita nato kuchiwindi ndi kukapamba, kumene timakaphwanyidwa.

NYAGONDWE: Zalowa uku, zatulukira uku.

A PHIRI: Chabwino. Mukuwadziwa anyamata a chitetezo cha m'mudzi, aja timasonkhera mwezi ndi mwezi?

NYAGONDWE: Ndimasonkha ine. Inu mumazimitsa nyali akamabwera.

A PHIRI: Tiyerekeze usiku wina asokonezeka mutu. M'malo mogwira wakuba, agwira mwininyumba akuchokera kuchimbudzi. Amumanga chingwe, wina wadzimangirira naye kuti asathawe. Aimbira galimoto ya polisi kuti idzawatenge. Galimoto sikubwera. Akhala pamphambano, omangana awiriawiri, mawa ena, mkuja ena. Anthu a m'mudzi akuona chigulu, akubwera ndi zibonga, ndewu yabuka, mipanda ikugwa. Mphambano zimenezo m'thupi ndi mfundo za zala, mawondo, kansalu kokuta mapapo, nthawi zina impso. Kutupa ndi kutentha mukumvako ndi ndewu imeneyo.

NYAGONDWE: Mwininyumba ndi ndani m'thupi mwangamu?

A PHIRI: Tinthu ta m'kati mwenimweni mwa maselo anu, makamaka mapuloteni otchedwa histone, amene DNA imakulungidwapo. Ndi anuanu, si alendo. Koma mwa anthu odwala chifukwa cha hydralazine, pafupifupi onse amapezeka ndi asilikali olimbana ndi histone.

NYAGONDWE: Nanga galimoto yalekeranji kubwera? Mafuta?

A PHIRI: Apa ndiye pali mayi wina wa ku Oxford, Edith Sim. M'zaka za m'ma 1980 iye ndi anzake anaonetsa mu labotale kuti hydralazine amatsekereza puloteni ina yotchedwa C4, imodzi mwa zija zoika chizindikiro. C4 ikalephera kumamatira pa kachibulu, kachibuluko sikanyamulidwa msanga, kamatsalira m'magazi n'kukakhazikika pamene sikafunika. Ofufuza ena akuti mankhwalawa amasokonezanso maselo amene amalamulira asilikaliwo. Mwina zonse ziwiri zimachitika.

NYAGONDWE: Mayi ameneyo ndiye wanzeru. Onse munatchula poyamba aja ndi amuna, anangowerenga odwala. Mayi ndiye anapeza pamene pafera galimoto.

A PHIRI: Sindikutsutsa.

NYAGONDWE: Lembani tsiku la lero. A Phiri sanatsutse. Koma imani. Mlamu wanga ku Katawa amamwa omwewa, chaka chachinayi tsopano. Amavina kumpingo mpaka kutsala yekha m'bwalo. Bwanji iye osatupa? Chifukwa neba wake ndi m'busa.

A PHIRI: Chifukwa chiwindi chake si chanu. M'chiwindi muli chinthu chotchedwa NAT2 chimene chimaphwanya mankhwalawa. Anthu ena anabadwa nacho chachangu, ena chochedwa. N'zakumtundu, ngati dazi. Wa chochedwa, mankhwala amakhalitsa m'magazi, ndipo ndi amene amagwidwa kawirikawiri. Chomwechonso ndicho chimaphwanya isoniazid, mmodzi mwa mankhwala a TB aja, n'chifukwa chake ena akamamwa amamva dzanzi kumapazi pamene anzawo alibe vuto.

NYAGONDWE: Ndiye mwanditukwana bipi, mwanditukwana mwana, tsopano mukuti chiwindi changa n'chaulesi.

A PHIRI: Ndati chochedwa.

NYAGONDWE: Ine ndimadzuka 4 koloko kukapikula tomato. M'banja mwathu mulibe chiwalo chaulesi. Ndipo anthu anu a ku Sheffield aja ndi azungu. Ine mukundiona ngati mzungu?

A PHIRI: Apo mwafunsa zoona. Matendawa amapezeka kwambiri mwa azungu kusiyana ndi anthu akuda. Ndipo ku America kunachitika kafukufuku wina amene anatha mu 2004, wa anthu akuda okhaokha 1,050 odwala mtima wofooka. Ena anawaonjezera hydralazine pamodzi ndi mankhwala ena otchedwa isosorbide dinitrate, ena ayi. Imfa zinatsika ndi 43 pa 100 alionse mwa amene analandira, mpaka kafukufukuyo anamuimitsa nthawi isanakwane kuti enawo asamanidwe.

NYAGONDWE: Ankamwa angati?

A PHIRI: Cholinga chinali kufika mamiligalamu 75 katatu patsiku.

NYAGONDWE: Dikirani. 75, 75, ndi 150. Kuika 75 wina, 225. A Phiri, ine masamu a tomato ndimawadziwa. 225 ndi wamkulu kuposa 200 amene mumandiopseza naye uja. Anthu akuda anzanga amwa 225, apulumuka. Ine ndamwa 250, mukuti ndadzilodza. Kusiyana kwake 25 yekha, theka la pilitsi!

A PHIRI: Kusiyana kwake n'kwakuti iwowo anawatsatira pafupifupi miyezi 10 yokha, pamene matendawa amatha kudikira chaka ndi kupitirira. Chachiwiri, anali ndi mtima wofooka woti ukanawapha, ndiye phindu linaposa chiopsezo. Chachitatu, muyezo ankakweza ndi dokotala atawayeza, osati tambala.

NYAGONDWE: Tambala wanu.

A PHIRI: Ndipo kunena kuti mwa anthu akuda n'zosowa sikutanthauza kuti kulibe. Ngozi ya ndege ndi yosowa, koma ikakugwera sufunsa kuti ndine wachingati.

NYAGONDWE: (Mawu atsika.) Ndiye ndifa?

A PHIRI: Ndi pakamwa pamenepo? Imfa ingakubwezeni. Ngati alidi matenda ndikuganizawa, ubwino wake ndi umenewu: amasiyana ndi lupus wobwera yekha, amene munthu amalimbana naye moyo wonse. Uyu mankhwala akachotsedwa, ambiri amayamba kupeza bwino m'masiku kapena masabata ochepa, ngakhale asilikali aja amatha kuonekabe m'magazi kwa miyezi. Ena amafunika mankhwala oletsa kutupa kwa kanthawi.

NYAGONDWE: Mwati ngati. Nthawi yonseyi mwandikhazika pa ndowa ndi ngati?

A PHIRI: Ine ndilibe labotale kuseri kwa khola. Mfundo zotupa ndi thupi lotentha madzulo zingakhale nyamakazi ya mtundu wina, ingakhale TB, zingakhale zina. Akakuyezeni magazi, akamvere m'chifuwa, ndipo mukaumirire kuti ayeze mkodzo, chifukwa mankhwala omwewa mwa anthu ochepa amatupitsa timitsempha ta mu impso, ndipo impso sizilira msanga.

NYAGONDWE: Basi ndawataya m'chimbudzi pompano.

A PHIRI: Ayi! Mukataya, dokotala akaona chiyani? Ndipo bipi yanu mukaisiya yopanda kanthu, ndi sitiroko. Mutenge botolo lomweli, ndi kabuku ka kuchipatala, mupite lero lomwe, osati Lolemba. Mukanene zonse, osabisa, kuti mumamwa angati ndiponso kuyambira liti. Iwo ndiwo akasankhe cholowa m'malo. Alipo ambiri, amlodipine, hydrochlorothiazide...

NYAGONDWE: Wachiwiriyo dzina lake likumveka ngati wokodzetsa uja.

A PHIRI: Ndi yemweyo. Mukawauze za mzere wa kuchimbudzi, amamva.

NYAGONDWE: Ndipo akandifunsa kuti n'chifukwa chiyani munkaonjezera, ndikatchula dzina lanu lonse ndi nambala ya nyumba.

A PHIRI: Mukatchule nkhuku.

NYAGONDWE: Nkhuku ilibe chiphaso. Koma a Phiri, mwalankhula nthawi yaitali, mtsempha wa pachipumi wanu waima njo. Inuyo bipi yanu munayeza liti?

A PHIRI: Ine ndimayeza anthu, sindiyezedwa.

NYAGONDWE: Liti?

A PHIRI: Ndisanapume ntchito.

NYAGONDWE: Munapuma mdzukulu wanga ali kumsana, pano ali Sitandade 5. (Akukuwa.) Iwe! Bweretsa makina a bipi aja ali pamwamba pa kabati! Thamanga!

A PHIRI: Muli ndi makina? Muli ndi makina m'nyumba, koma bipi mumayezera nkhuku?

NYAGONDWE: Mabatire ndi odula. Ndimasungira alendo. (Mapazi a mwana akuthamanga.) Pindani malaya. Khalani pa ndowapo, ndi nthawi yanu.

A PHIRI: Munthu amayenera kupuma kaye mphindi zisanu asanayezedwe, osalankhula.

NYAGONDWE: Inu kukhala chete mphindi zisanu? Tingadikire mpaka Khirisimasi. Bweretsani mkono. (Makina akulira, akupopa mpweya.) Musapume ngati ng'ombe. Eya. Yaima. Werengani nokha, magalasi muli nawo.

A PHIRI: Makina a ku Joni awa sanazolowere nyengo ya kuno.

NYAGONDWE: Werengani mokweza, anthu amve.

A PHIRI: 176 pa 102.

NYAGONDWE: Nadi? Ine dzulo lija alendo atabwera inali 150! A Chiuta ndi abwino. Mmodzi mwa atatu uja ndi inuyo, adokotala, wosadziwa n'komwe uja!

A PHIRI: Yakwera chifukwa mwandigumulira geti, mwandibera thadzi, mwanditchula mfiti, zonse ndisanamwe tiyi. Kuyeza kamodzi sikokwanira, amabwereza masiku osiyana.

NYAGONDWE: Ndiye mukuti bipi yanu ndakupatsani ndine?

A PHIRI: Ndinu amene!

NYAGONDWE: Si paja bipi sapatsana ngati chimfine? (Botolo likukhotchora.) Ingoni limodzi. Ndi a ku Joni.

A PHIRI: Chotsani zimenezo! Mankhwala a bipi sagawana ngati mtedza!

NYAGONDWE: Ndimakuyesani. Katengeni kabuku kanu, tipitire limodzi. Tiyambire ku Mapale, akatilembera kalata tikwere ya ku Central.

A PHIRI: Kabuku kanga... ndinalembamo masiku a katemera wa chitopa.

NYAGONDWE: Nkhuku zili ndi kabuku, mwini wake alibe. Mukagula kena pageti. Za kabaza mulipira ndinu, anthu awiri.

A PHIRI: Chifukwa?

NYAGONDWE: Mpiru wa chaka chathunthu.

A PHIRI: Muchotsepo thadzi loyera. Linali loikira, mazira ake muwerengere kuyambira Epulo.

NYAGONDWE: Mazira amene likanaikira ndi mpiru wanga m'mimba. Ndiye theka la mazirawo ndi langa.

A PHIRI: Chabwino, aliyense alipire yekha. Koma mutsogole, ine ndibwera pambuyo pang'ono. Anthu a mu Chiputula asaone ngati tagwirizana.

NYAGONDWE: Tigwirizane ndani? Mpanda mukonza Loweruka lino, apo ayi tambala akaonana ndi sing'anga. Nyamulani chikwamachi, zala zanga sizigwira.

A PHIRI: Muli chiyani muno, njerwa?

NYAGONDWE: Usipa. Kuchipatala kuli mzere wautali, ndipo anthu a pamzere amadya ndiwo. Muzikuwa ndinu, mawu muli nawo.

A PHIRI: Ine? Munthu woti anamwino a kumeneko ena ndinawaphunzitsa kubaya jakisoni, ndikaime pamzere ndikukuwa usipa?

NYAGONDWE: Ndiye bwino, amakudziwani, agula. Mulu ndi K1,000, ndipo musawaike basela. (Akukuwa.) Kabaza! Awiri! Wamphamvu atenge adadawa, ali ndi katundu!